Inshuwaransi yakana kutichotsera premium bambo atadwala sitiroko, tilowere kuti?

Mayi_a_Chisomo
Abale anga a pagulu pano, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Bambo a kunyumba akhala akuyendetsa thiraki zaka 11, kuchoka ku City Deep, ku Joni, kupita ku Durban. Mu February anagwa ndi sitiroko tili kunyumba kuno ku Rosettenville. Moyo Mulungu anawasungira, koma dzanja lamanzere silikugwira bwino, mwendo amachita kukoka, ndipo adokotala anawauza kuti za chiwongolero aiwale. Ntchito inatha mu June.

Mu 2018 anatenga policy ya moyo kuti akadzatisiya ana adzaone pogwira. Mkati mwake muli chija amati premium waiver. Broker, amene anatigulitsa policy, anatiuza kuti bambo akadzalumala ife tidzasiya kulipira, kampani izidzadzilipirira yokha, policy n'kukhalabe yamoyo. Timapereka R780 pamwezi. Tinadikira miyezi 6 imene ananena, tinatumiza mapepala onse, koma sabata yatha kwabwera kalata yokana. Akuti n'zoona thiraki sangayendetse, koma angathe ntchito ina yofanana nayo, monga kukhala mu ofesi kumalondolera mathiraki pa kompyuta. Munthu anasiyira Fomu 2, kompyuta sanaigwirepo chibadwire. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba masiku atatu pa sabata, debit order, ija imadula ndalama yokha ku banki, ikudulabe. Ndisiye kulipira? Ndipite kwa loya? Ndithandizeni nzeru.

Ntcheu_Boy
Pepani kwambiri amayi. Ine ndikanakhala inu ndikanapita ku banki mawa lomwe kukaimitsa debit order. R780 ndi ufa, magetsi ndi thiransipoti ya ku fiziyo. Anthu amenewa amadziwa kulandira basi.

NaPhiri_Turffontein
Achemwali musayerekeze kuimitsa! Ntcheu_Boy, malangizo amenewo ndi amene anatigwetsa ife. Mlamu wanga anathyoka msana pa ntchito ya zomangamanga, kampani inazengereza claim, iye chifukwa cha mkwiyo anasiya kulipira miyezi itatu. Policy inafa. Mmene tinkati tidandaule, anatiyankha kuti mukudandaula za policy iti. Atamwalira chaka chatha panalibe ngakhale senti, thupi tinachita kusonkherana kuti lidutse pa Beitbridge mpaka kukafika ku Mwanza. Mpaka lero mkazi wake akubweza ngongole.

Ntcheu_Boy
Ndamva achemwali, koma ndalamayo aitenga kuti? Munthu akugwira masiku atatu.

Mlembi_wa_Mpingo
Amayi a Chisomo, ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya broker wina ku Randburg zaka zingapo, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona. Si ine loya.

Mkangano wanu wonse wagona pa tanthauzo la mawu oti kulumala mu policy yanu, osati pa mmene ife kapena adokotala timamvera mawuwo. Makampani amagulitsa mitundu itatu. Wina umati munthu walephera ntchito yake yeniyeni, ndiye own occupation. Wina umati walephera ntchito yake komanso ina iliyonse yomuyenera malinga ndi maphunziro, luso ndi zimene wakhala akugwira, ndiye own or similar occupation. Wachitatu ndi wouma kwambiri, umati walephera ntchito ina iliyonse. Madalaivala ndi anthu a ntchito zamanja kawirikawiri sapatsidwa mtundu woyamba uja. Mmene kalata yanu ikumvekera, inu muli pa wachiwiri.

Pamenepo pali polimbikira. Sangangonena kuti akakhale mu ofesi. Ntchito yomwe akuitchulayo iyenera kugwirizana ndi sukulu ndi luso la bambowo. Munthu wa Fomu 2 amene moyo wake wonse wakhala pa msewu, mumuike pa kompyuta azilemba malipoti m'Chingerezi ndi dzanja limodzi? Zimenezo ndi zoti mutsutse polemba.

Chachiwiri, onani tsiku la kalata. Malamulo oteteza anthu a ma policy, aja amati Policyholder Protection Rules, amakupatsani masiku osachepera 90 kuchokera pomwe mwalandira kalata yokana kuti mulembere kampani kutsutsa chigamulo chake, ndipo iwo ayenera kuyankha pasanathe masiku 45. Kalata yokanayo iyeneranso kunena zifukwa momveka ndi kukuuzani kokadandaula. Ya tsiku liti?

Mayi_a_Chisomo
Zikomo abambo. Yafika pa imelo pa 14 October. Ndayang'ana policy, mawu mwatchulawo alimodi, own or similar.

Mlembi_wa_Mpingo
Ndiye masiku 90 akutha cha pa 12 January. Musadikire kufika kumeneko. Mukudziwa mmene December amakhalira ku Joni kuno, maofesi amatseka, madokotala amapita ku tchuthi. Kalata yanu ituluke November asanathe.

Dalaivala_N3
Nkhaniyi yandikhudza chifukwa msewu umenewo ndimayenda sabata iliyonse, mwina bambowa tinakumanapo pa Harrismith. Amene analemba kalatayo sadziwa ntchito ya controller, wolondolera mathiraki mu ofesi uja. Munthu uja amagwira mafoni awiri nthawi imodzi, amayang'ana tracking, amalemba maimelo kwa makasitomala, amawerengera dizilo, usiku wonse osagona. Pa depoti pathu onse ali ndi matric, ena madipuloma. Palibe bwana angatenge munthu wodwala sitiroko pa mpando umenewo.

Sisi_wa_Callcentre
Ndinene zimene ena sazikonda. Ine ndimagwira ntchito ku kampani ya inshuwaransi, osati yanuyo mwina. Funso la policy si loti kodi alipo bwana amene angamulembe ntchito. Funso ndi loti kodi thupi ndi mutu wake zingathe ntchitoyo. Kusowa kwa ntchito mu South Africa inshuwaransi ya kulumala siikuphimba. Ndiye mukakangolemba kuti palibe angamutenge, akukanizaninso. Lembani zoti sangathe, ndipo pakhale umboni wa chipatala.

Komanso si zoona kuti makampani salipira. Ma claim ambiri amene ndimawaona akukanidwa amakhala ndi lipoti la mizere iwiri, dokotala wangolemba kuti wodwalayu sali bwino. Woona claim atani nalo limenelo?

Ntcheu_Boy
Mukuikira kumbuyo mabwana anu basi. Pogulitsa bwanji simunena zonsezi?

Sisi_wa_Callcentre
Achimwene, pamenepo sindikutsutsani. Ogulitsa ena amathamangira commission, amangoti mukalumala tidzakulipirirani, osafotokoza kuti kulumala kwake n'kotani. Koma ndikawanamiza amayiwa kuti angokalipa pa foni ndiye ndawathandiza chiyani?

Mlembi_wa_Mpingo
Sisi akunena zoona, ndipo Dalaivala_N3 akunenanso zoona. Zimene mwafotokoza za ntchito ya controller ndi zofunika, osati posonyeza kuti ntchito kulibe, koma posonyeza kuti ntchitoyo siyofanana ndi ya dalaivala ndipo imafuna sukulu imene bambowa alibe. Mukanapeza kalata ya kampani ya mathiraki yofotokoza zoyenereza pa ntchito imeneyo, ikanathandiza.

Dalaivala_N3
Ndikayankhula ndi a HR kwathu Lolemba. Amayi, ndikutumizirani ku inbox.

Namwino_Helen
Ndilowererepo pa za umboni. Sitiroko siwononga dzanja ndi mwendo zokha. Ambiri amasintha kaganizidwe: kuiwala msanga, kutopa pakangopita ola limodzi, kulephera kutsatira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amene afooka mbali yamanzere, vuto limakhala mbali yamanja ya ubongo, ndipo ena mwa iwo amasiya kuzindikira zinthu zomwe zili kumanzere kwawo ngakhale maso ali bwinobwino. Zoterezi lipoti la fiziyo silinena. Pemphani kuti awonedwe ndi occupational therapist, awayeze zimene angathe ndi zimene sangathe pa ntchito, ndipo dokotala wa ubongo alembe ngati pali chiyembekezo chosintha kapena ayi. Zipatala zazikulu za boma zili nawo anthu amenewa, kungoti mzere ndi wautali, choncho kalembetseni msanga. Amayi, kodi kunyumba mukuona zotani?

Mayi_a_Chisomo
Anamwino mwandikumbutsa zinthu. Amaiwala kuti amwa mankhwala, nthawi zina amasiya nsima mbali imodzi ya mbale osaiona. Akamacheza ndi alendo pang'ono amagona pampando. Ine ndimangoti ndi kufooka. Pa mafomu a claim sitinalembe zimenezi, tinangolemba za dzanja ndi mwendo.

Namwino_Helen
Ndi zimenezotu. Yambani lero kulemba mu kope tsiku ndi tsiku zimene mukuona, mukawaonetse adokotala.

Madala_a_Wenela
Ana anga, nkhani yolimbana ndi makampani pa za thupi la munthu si ya lero. Bambo anga anabwera kuno pa Wenela, anagwira mu mgodi wa golide, anabwerera ku Dedza ndi chifuwa chosatha. Anamwalira osalandira kanthu. Mlandu wa fumbi la m'migodi unadzatha mu 2019 pomwe khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 billion, n'kukhazikitsa Tshiamiso Trust. Koma akufuna mapepala, nambala ya ku mgodi, umboni wa chipatala. Ife zonse zinadyedwa ndi chiswe. Ndiye mwana wanga, pepala lililonse lisunge ngati mwana.

Ntcheu_Boy
Madala, agogo anganso anali a TEBA. Kodi a ku Malawi akulandira nawo?

Madala_a_Wenela
Trust imeneyo ndi ya onse amene anadwala matenda a fumbi kapena TB atagwira m'migodi ya golide ya makampani a mu mgwirizanowo pakati pa 1965 ndi 2019, posayang'ana dziko. Koma tiyambitse ulusi wina, tisasokoneze nkhani ya amayiwa.

Kabaza_Mayfair
Ine funso langa ndi lina. Ife obwera, Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a inshuwaransi, amatimvera? Kapena akangoona pasipoti ya Malawi amaika fayilo pansi?

Mwana_wa_Malamulo
Ndikuphunzira zamalamulo chaka chachinayi, ndiyankhe zomwe ndikudziwa, koma musazitenge ngati uphungu wa loya wanu.

A Kabaza, chofunika ndi choti policy ndi ya kampani ya kuno, osati mtundu wa pasipoti. Ofesi imene kale inkatchedwa Ombudsman for Long-term Insurance inaphatikizidwa ndi ya mabanki, ya ngongole ndi ya inshuwaransi ya katundu pa 1 March 2024, tsopano ndi National Financial Ombud Scheme, mwachidule NFO. Kudandaula n'kwaulere, loya safunika, mutha kutumiza pa intaneti. Amafuna muyambe mwadandaula ku kampani kaye. Ubwino wake, saona chilembo cha policy chokha, amaonanso chilungamo cha nkhaniyo. Akagamula mokomera inu kampani imamangidwa ndi chigamulocho, koma akagamula mokomera kampani inu khomo la khoti likadali lotsegula.

Za khoti, chenjerani ndi nthawi. Lamulo la Prescription Act la 1969 limapereka zaka zitatu pa ngongole zambiri, koma ma policy ena amaika nthawi yaifupi yokasumira. Malamulo a lero amati isachepere miyezi 6 pambuyo pa masiku 90 aja. Musaganize kuti khoti lidzakumverani chisoni mukachedwa. Mlandu wa Barkhuizen v Napier unafika ku Constitutional Court mu 2007: munthu anachedwa kusuma pa claim ya galimoto, policy inkati masiku 90, ndipo khoti silinamupulumutse chifukwa sanafotokoze chimene chinamuchedwetsa. Dandaulo likakhala m'manja mwa Ombud nthawi imeneyi imaima kaye.

China: udindo wosonyeza kuti bambo alowa mu tanthauzo la kulumala uli pa inu. Koma kampani ikafuna kuthawira ku zoti munabisa matenda, udindo wosonyeza zimenezo uli pa iwo. Ndipo mawu a policy akakhala omveka pawiri, makhoti amawamasulira motsutsana ndi amene anawalemba.

Bambo_Tadala
Zonsezo ndi zabwino koma Ombud amachedwa. Yanga inatenga pafupifupi chaka. Ndinali welder, maso anawonongeka ndi shuga. Kampani inati ndingathe kugulitsa mu hardware. Ombud anawauza kuti anditumize kwa dokotala wa maso wapadera pa ndalama zawo, lipoti litabwera anavomera okha chigamulo chisanatuluke. Anandibwezera ma premium onse kuchokera pomwe miyezi yodikira inathera. Chaka chimenecho ndinalipira movutika, ndinagulitsa makina anga owotcherera. Koma ndikanasiya, bwenzi lero ndilibe kanthu, ndipo ndi shuga ameneyu palibe kampani ingandilandirenso. Amayi, bambo anuwo atadwala sitiroko sangapezenso policy ina pa R780. Imene muli nayoyo ndi yomaliza. Mudziwenso kuti ngakhale avomere, amabwera nthawi ndi nthawi kudzafuna lipoti latsopano.

Ntcheu_Boy
Apa ndagonja. Mawu anga oyamba aja ndawabweza, amayi musaimitse.

Chemwali_Cosmo
Ine ndikuopa chinthu chimodzi. Sitiroko imayenda ndi BP. Mukakawakakamiza, sakafukula mafayilo a kuchipatala n'kunena kuti bambo anabisa BP polowa? Mukukumbuka 2018, Momentum inakana kulipira R2.4 million kwa mayi wa ku Durban amene mwamuna wake anaphedwa ndi mfuti pa chiwembu cholanda galimoto, ponena kuti sanaulule za shuga wokwera. Inadzalipira anthu atachita phokoso dziko lonse. Ngati anatero pa munthu wophedwa ndi chipolopolo, kuli bwanji sitiroko?

Mayi_a_Chisomo
Mwandiopsa achemwali. BP anawapeza nayo mu 2021, policy tinatenga 2018. Polowa anawafunsa pa foni, anayankha kuti alibe, ndipo nthawi imeneyo analibedi.

Dalaivala_N3
Ndiye muli ndi umboni m'manja. PrDP, chiphaso choyendetsera galimoto za katundu, timaikonzanso zaka ziwiri zilizonse, ndipo nthawi iliyonse dokotala amatiyeza n'kudzaza fomu. Makampani ambiri a mathiraki amayezanso madalaivala awo chaka ndi chaka. Funsani kumene ankagwira akupatseni makope a 2017 ndi 2018.

Mwana_wa_Malamulo
Eya. Malamulo a inshuwaransi ya moyo amalola kampani kukana ngati chimene sichinaululidwe chinali chofunika poyeza chiopsezo pa nthawi yolowa. Matenda obwera pambuyo si kubisa. Pokhapokha ngati policy inafapo n'kudzutsidwanso, kapena munakweza ndalama yake pambuyo pa 2021, chifukwa pamenepo amafunsanso za umoyo. Pemphaninso recording ya foni ija, muli ndi ufulu woipatsidwa. Mukamva kuti broker analonjeza zosiyana ndi zolembedwa, dandaulo la uphungu wolakwika limapita kwa FAIS Ombud, ndi ofesi ina imeneyo.

Mayi_a_Chisomo
Sinafepo, sitinakwezepo. Imangokwera yokha chaka chilichonse.

Kabaza_Mayfair
Ine ndimaonabe kuti loya ndiye mankhwala. Kalata ya loya ikafika amanjenjemera. Alipo aja amati osapambana osalipira.

Mlembi_wa_Mpingo
A Kabaza, aja amatenga gawo la ndalama zimene mwapambana, lamulo limawaletsa kupitirira 25 peresenti. Koma pa waiver palibe mulu wa ndalama wotuluka, phindu lake ndi loti musiye kulipira R780. Loya adyapo chiyani? Ambiri sangaitenge, ndipo wolipidwa pa ola angadye ndalama yoposa premium ya zaka zingapo. Ngati pafunika wothandiza kulemba kalata, kuli Legal Aid South Africa ndi Wits Law Clinic ku Braamfontein, amayamba aona kapezedwe kanu. Khoti likhale lomaliza.

NaPhiri_Turffontein
Funso la Ntcheu_Boy lija silinayankhidwe. Ndalama yolipira miyezi imeneyi ichokera kuti? Thandizo la boma la SASSA sangalandire ngati alibe permanent residence kapena mapepala a refugee.

Sisi_wa_Callcentre
Zinthu zingapo zoti muone. Ngati ankadulidwa UIF, thumba la boma la ogwira ntchito, kuli ndalama ya odwala ndi ya otha ntchito, musachedwe nayo. Madalaivala a mathiraki ambiri ali pansi pa bargaining council ya road freight, bungwe la mabwana ndi antchito a mathiraki, ndipo amakhala ndi provident fund, thumba la ndalama zopumira pa ntchito, funsani ngati ili ndi gawo la kulumala, imeneyo ndi claim ina payokha. Ngati ali ndi ngongole ku banki kapena ku sitolo ya mipando, yang'anani credit life, inshuwaransi ya pa ngongole. Pa ngongole zotengedwa kuyambira August 2017, inshuwaransi imeneyo iyenera kufafaniza ngongole yonse munthu akalumala kotheratu, kapena kulipira mpaka miyezi 12 ngati n'kwa kanthawi. Anthu ambiri amailipira osadziwa.

Mwezi wina zikakanika, pali masiku osachepera 15 achisomo premium ikaphonyeka. Imbani foni tsiku lisanakwane, ndipo chilichonse mwagwirizana chibwere pa imelo. Polipira lembani kuti mukulipira pamene mukutsutsa chigamulo, ndipo mudzafuna kubwezeredwa.

Mayi_a_Chisomo
Ngongole ya firiji ndi bedi ilipo, ya 2022. Sindinadziwe n'komwe. Provident fund anatipatsa mafomu mu June koma tinangowasunga, mutu unali pa chipatala.

Mayi_Busa_Yeoville
Mwana wanga, usasenze wekha. Ife a chigwirizano cha amayi tikumana Lachinayi, ndikaitula nkhaniyi. Pagulu pano tilipo ambiri, anthu 16 atapereka R50 aliyense premium ya mwezi yakwana. Timasonkha maliro mwachangu, tisonkhenso munthu akadali moyo.

Ntcheu_Boy
Ine R100 mwezi uno ndi wa mawa. Amayi Busa mutiuze potumiza.

Bambo_Tadala
Ndilipo nanenso. Kalata yanga ya kwa Ombud ndikadali nayo, ndifufuta maina ndikutumizireni muone kalembedwe.

Kabaza_Mayfair
Ndiponyapo R50. Koma akakananso, za loya zija tidzakambirane.

Mayi_a_Chisomo
Abale, ndabweranso patapita masabata atatu. Occupational therapist anawaona Lachiwiri, anawayeza maola awiri, bambo anatopa mpaka kulephera kumaliza zina. Akuti lipoti lituluka sabata yamawa ndipo alembamo za kuiwala ndi za kusaona kumanzere. Dokotala wa ubongo atipatsa tsiku la mu January, ndiye a Mlembi anandithandiza kulemba kalata yotsutsa, tanenamo kuti lipoti limenelo libwera pambuyo. Tatumiza dzulo pamodzi ndi kalata ya a Dalaivala_N3 ndi makope a kuyezedwa kwa 2017 ndi 2018, BP inali bwinobwino. Recording sanatipatsebe, ndapemphanso kachiwiri pa imelo. A sitolo ya mipando alandira claim ya credit life, akuti tidikire. Premium ya November yalipidwa ndi ndalama zanu, Mulungu akudalitseni nonse.

Mlembi_wa_Mpingo
Sungani imelo yosonyeza tsiku lomwe alandira kalatayo, masiku 45 tiwerengera kuchokera pamenepo. Mafomu a provident fund aja mubwere nawo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, tidzadzaze limodzi.